Bambo Hufnagel Asaka Kirimu Lamulungu

Inu, sendezani mpando mufike pafupi, nditsitse mawu. Mwini nkhaniyi amakhala nyumba yoyandikana ndi yanga, ndipo makutu ake sagona.

Ndikunena bambo Ottmar Hufnagel, amene ankagwira ntchito ku positi. Chimwalirireni akazi awo a Hedwig zaka zitatu zapitazo, mkuluyu anadzilemba yekha ntchito yolondera Lamulungu m'tauni yathu. Palibe anawapempha! Kuno ku Jeremani sitolo zimatseka Lamulungu, ngakhale mwana amadziwa, koma iwo zimenezo sizinawakwane. Ankakhala pawindo ndi kabuku kobiriwira, khutu lili tcheru. Uponye botolo m'bini ya magalasi, phwa! alemba. Ukhome msomali, alemba. Ine ndinayanika masokosi awiri okha kuseri kwa nyumba, awiri okha inu, Lachitatu kalata ya ku khonsolo inali itandipeza.

Ndiye chaka chino kunamveka zoti mwina khonsolo ilola sitolo kumatsegulako Lamulungu lina ndi lina, a bekale, ophika buledi aja, nawo awonjezeredwe maola. Eee, a Hufnagel anachita ngati awapondera chala chabala. Anakonza chikalata chokana, nayamba kusainitsa anthu khomo ndi khomo.

Komatu mumtima mwawo munali nkhani ina yoposa chikalatacho. Mayi Irmtraud Seidl, amasiye, anzawo a m'kwaya ya kutchalitchi. Miyezi isanu ndi umodzi mkuluyu akungowatsegulira chitseko n'kumatsokomola, mawu osatuluka. Mapeto ake analimba mtima, anagula mphete, n'kuwaitana kuti adzamwe khofi ndi keke ya maapozi Lamulungu.

"Ndibwera," anatero mayi Seidl. "Koma isanakwane 4 koloko sindingathe, ndimakhala ndi kochita. China, bambo Hufnagel, keke ya maapozi yopanda kirimu musandiitanire. Malemu amuna anga anandipatsa kamodzi, masiku atatu sindinawayankhule."

Mwamva? Kirimu. Gwirani mawu amenewo.

Loweruka m'mawa anaphika keke potsatira buku la malemu Hedwig, inatuluka bwino, fungo lake linafika mpaka kwanga. Kenako anakaima pakhomo pa sitolo yaikulu ndi chikalata chawo, tsiku lonse lathunthu, kulalikira.

"Munthu wanzeru amagula Loweruka! Woyiwala ndi waulesi wa m'mutu, asatitsegulitse sitolo ameneyo!"

Itakwana 8 koloko madzulo eni sitolo anatseka zitseko kumbuyo kwawo, iwo n'kuwomba m'manja kuyamikira kusunga nthawi. Anabwerera kunyumba chikwama chogulira zinthu chili pepuu paphewa.

Lamulungu atabwera kutchalitchi, suti ili m'thupi, mphete ili m'thumba, anatsegula firiji. Munali botolo la masitadi ndi theka la nkhaka. Anatseka. Anatsegulanso, kuti mwina kirimu wabadwiramo. Nkhaka yomwe ija inangowayang'ana.

Kirimu sanagule dzulo! Bekale! Eni ake, a Winfried, amatsegula maola atatu Lamulungu, amatseka 11 koloko, ndipo kirimu sawasowa. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anathamanga, tayi ikuwamenya kumaso. Anafika a Winfried akutembenuza kiyi.

"A Winfried, achimwene anga, kirimu pang'ono chabe!"

"Kirimu ndili naye, ndowa yonse," anatero a Winfried, akuyang'ana wotchi. "Koma zapitirira mphindi ziwiri."

"Mphindi ziwiri n'chiyani pakati pa abale?"

"Lero tasanduka abale? Mwezi watha ndinagulitsa mabanzi awiri kwa mayi wina zitapitirira mphindi zinayi. Amene anandilemba m'kabuku mukumudziwa? Anavala tayi ngati yanuyo." Kiyi khethe, munthu ulendo.

Apa m'pamene ndikulowera ine. Ndinamva kugogoda kwamanyazi, kwa munthu wofuna kuti asamveke. Kutsegula, a Hufnagel, thukuta kamukamu.

"Aneba, mwaswera bwanji? Kaya mungakhale ndi kirimu wotsala?"

Inu, ndinali naye. Mapaketi awiri! Koma masokosi aja anandibwerera m'mutu onse awiri.

"Pepani bambo Hufnagel," ndinatero mwaulemu wonse. "Lero ndi Lamulungu. Firiji yanga ndatseka."

Ndikuvomera, sindinachite bwino. Koma kukoma kwake ndikukumvabe mpaka lero.

Kunatsala pomwetsera mafuta galimoto, kumapeto kwa tauni. Kasitolo ka pamenepo kamatsegula Lamulungu chifukwa cha apaulendo. A Hufnagel galimoto anagulitsa kalekale, ati mafuta amangotha ngati madzi, ndiye anapita wapansi. Anapeza mayi Gudrun, eni malowo, akudzaza mawu m'timabokosi ta masewera a m'nyuzipepala.

"Mayi Gudrun, mungandigulitse kanthu kamodzi?"

Mayiwo anasuzumira panja. "Galimoto mwaimika pati?"

"Ndabwera wapansi."

"Ndiye simuli paulendo, mukungoyendayenda. Munalemba nokha ku khonsolo kuti Gudrun akugulitsa zinthu kwa anthu oyenda pansi Lamulungu. Kalata yake ndinaimata apo, pafupi ndi kalendala. Munalemba bwino, mwina muiwerengenso? Bwerani ndi injini, tikambirana."

Munthu wina akanagonja pamenepo. Koma chikondi, abale, chimachotsa nzeru ngakhale kwa munthu wa ku positi. Anafika kunyumba, anaima pakhomo pa shedi, n'kukumbukira kuti injini ali nayo imodzi: kathirakitala kotchetchera kapinga.

Tamverani bwino apa. Masana a Lamulungu, nthawi imene tauni yonse imakhala zii, anthu atakhuta nyama yowotcha akuwodzera pa sofa. Ndiye mwadzidzidzi: gwede gwede, trrrrr, phwiii! Utsi tolotolo! Mawindo onse a mumsewu wathu anatseguka nthawi imodzi. Tikuona mlonda wa Lamulungu yemwe uja, atavala suti, atakhala chiwongolere pa kathirakitala, akuyenda liwiro la munthu wopita kumaliro. Anaiwala kukweza mipeni yake, ndiye podutsa pakona anameta maluwa a mayi Brandl, onse mpaka pansi.

"Hufnagel! Lero ndi tsiku lanji?" anakuwa mayi Brandl.

"Wina andibwereke kabuku!" anatero bambo wa nyumba yachikasu. "Ndi cholembera chomwe!"

Iwo maso kutsogolo, makutu ali psuu. Atafika pomwetsera mafuta paja anazimitsa injini, natsika mwaulemu ngati atsika m'ndege.

"Ndili paulendo," anatero.

Mayi Gudrun anatuluka, anazungulira kathirakitala kaja kawiri, akupukuta misozi ya kuseka. "Injini ndi injini, sindingatsutse. Mukufuna chiyani, apaulendo?"

"Kirimu."

"Kirimu Lamulungu tinasiya."

"Mwati chiyani?"

"Tsamba lachiwiri la kalata yanu lija. Munati munthu wa paulendo safuna kirimu, mazira kapena ufa, ameneyo ndi katundu wa anthu oyiwala. Timachotsa Loweruka madzulo."

"Nanga bwanji simunandiuze poyamba paja?"

"Simunatchule kirimu. Munati kanthu kamodzi."

A Hufnagel anakhala pansi pa mulu wa nkhuni zogulitsa. Nthawi inali kuthamangira 1 koloko. M'maganizo ankaona mayi Seidl akuyang'ana keke youma, akupinda kansalu kopukutira pakamwa, akudzuka osanena kanthu. Mphete m'thumba inayamba kulemera.

Mayi Gudrun chisoni chinawagwira pang'ono. "Mumzinda, pa siteshoni yaikulu ya sitima, sitolo ya pamenepo imagulitsa chilichonse. Sitima ikudutsa posachedwa. Chinthu chanucho chisiyeni pano, mukachilizanso anthu akuphani."

Sitolo ya pa siteshoni! Malo amene a Hufnagel ankawatcha khomo la chionongeko. Anadzera kunyumba cha kuseri, anavala magalasi akuda ndi chipewa chachikulu cha dzuwa chimene anachipeza pa msomali, kuti asadziwike. Anakwera sitima atabisa nkhope m'nyuzipepala.

Kulowa m'sitolomo, anthu ali pikitipikiti, mzere mpaka pakhomo. Ndiye anthu ake ati? Mkulu wa mpingo amene anasaina woyamba pa chikalata chija, atanyamula kireti ya mowa. Woyimbitsa kwaya, ndi matewera a mdzukulu. Aliyense akuwerenga mosamala zolembedwa pa chitini chimene wagwira, kuti maso asakumane ndi mnzake.

A Hufnagel analunjika ku firiji. Mkaka ulipo, batala alipo, tchizi mitundu khumi. Pamalo pa kirimu panali pepala la mtengo lokha.

Komabe anaima pamzere chimanjamanja, kuti mwina kuseri kwatsala kamodzi. Atafika polipirira anaweramitsa mutu, nasintha mawu kukhala a besi.

"Mayi, kirimu watheratu?"

"Vulani magalasiwo, bambo Hufnagel. Ndipo chipewacho ndi cha malemu Hedwig, pogula tinali limodzi."

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Pa tilo, atavala epuloni yofiira ya sitoloyo, dzina lili pachifuwa, panali mayi Irmtraud Seidl.

"Inu? Kuno? Lamulungu?" Mawu a besi aja anathawa, kunatsala kamawu ka mwana. "Kochita kanu kaja n'kameneka? Komatu munasaina chikalata changa!"

"Ndinasaina chifukwa munkangotsokomola pondipatsa cholembera, ndinakumverani chisoni." Anawerama, natulutsa paketi ya kirimu pansi pa tebulo. "Uyu ndinabisa m'mawa. Dzulo ndinakuonani mukulalikira pakhomo pa sitolo, chikwama chili pepuu. Ndinadziwiratu. Ndimati ndibwera naye 4 koloko."

A Hufnagel anayang'ana paketi ija. Bekale, firiji yanga, maluwa a mayi Brandl, zonse zija pachabe!

"Koma chifukwa chiyani, mayi Seidl? Penshoni muli nayo."

"Si ndalama ayi. Lamulungu m'nyumba mwanga mumakhala zii, ndimangomva wotchi. Ndimasungulumwa, bambo Hufnagel, mpaka kuyankhula ndi ketulo. Kuno anthu amandipatsa moni tsiku lonse. Inu muli ndi kabuku kanu, ine ndili ndi tilo yanga. Matenda athu ndi amodzi."

Mawu amenewo anawalasa a Hufnagel. Anavula chipewa chija, nachigwira pachifuwa ndi manja awiri.

"Ine Lamulungu limandiwawa," anatero motsitsa. "Chipitireni Hedwig, limandiwawa koopsa. Pawindo paja ndimakhalapo kuti ndimveko kuti kunja kuli anthu."

Pamzere paja, ngakhale mkulu wa mpingo anatula kireti pansi. Mawu amene a Hufnagel anawakonza miyezi isanu ndi umodzi, oti akanenedwe pa tebulo la nsalu yoyera, anathawa onse. Anangopisa m'thumba, natulutsa mphete, naiika pa lamba woyendetsa katundu wa pa tilopo. Lamba anayenda yekha, mphete n'kukaima pafupi ndi kirimu.

"Irmtraud," anatero, kutchula dzinalo koyamba. "Kodi mungalole…"

"Akuluakulu, sitima yanga ikunyamuka!" anakuwa bambo wina kumbuyo, atanyamula soseji. "Mayi, vomerani tizipita!"

Mayi Seidl anatola mphete, anaiyesa pachala, inakwana.

"Ndavomera, Ottmar. Koma Lamulungu ndimakhala kuno, ntchitoyi ndaikonda. Lipira kirimuyo usunthe. Wotsatira!"

Keke anadya 4 koloko ndithu, kirimu ali phamu pamwamba. Kathirakitala anakakatenga Lolemba, chokankha. Maluwa a mayi Brandl anadzala ena ndi manja awo, eni ake ataima pambali akuwalangiza.

Mwina mukuganiza kuti chikalata chija anachitaya? Simuwadziwa a Hufnagel. Anakachipereka ku khonsolo, nalankhula mphindi makumi awiri kuti sitolo zisatsegule Lamulungu, ndipo nkhaniyo akukanganabe mpaka lero. Kungoti tsopano Lamulungu lililonse m'mawa mumawaona awiriwo akupita kokwerera sitima, bambo atanyamula chikwama cha mayi. Amakhala pa benchi moyang'anana ndi sitolo ija, nthawi ndi nthawi n'kulowa, kugula bisiketi imodzi, kuima pamzere kuti akapereke moni kwa akazi awo.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. "Aneba, inu wokana sitolo za Lamulungu, mlungu uliwonse muli m'sitolo Lamulungu. Zikuyenda bwanji pamenepa?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa tikiti ya sitima, naiika pamphuno panga.

"Ine sindipita kukagula zinthu," anatero. "Ndimakhala ndili paulendo."

Ndikanatsutsa chiyani? Tikiti inali yeniyeni. Aziyenda ndithu mkuluyu, Mulungu awapatse maulendo ambiri. Ine masokosi anga tsopano ndimayanika kutsogolo.