Sampulo Inapita ku Chipata

Lolemba, 9 Malichi 1998

Abwana apita ku Lusaka, abwera sabata yamawa. Ofesi ya kopaletivu ili m'manja mwanga, pamodzi ndi kompyuta imene salola munthu ngakhale kuipukuta fumbi.

Kompyutayi ndi nkhalamba. Ukaiyatsa umatha kupita kumsika, kugula mtedza, kubwerako, iyo ikadayasamula. A Nyirenda, aphunzitsi a masamu kusekondale, akuti vuto ndi memori, timatabwa tobiriwira tam'kati timene imakumbukira nato zinthu. Ndikawonjezera kamodzi, abwana adzaipeza ikuthamanga. Mwina adzasiya kunditchula "mnyamata wa chidindo."

Ndatsegula. M'kati muli fumbi, kangaude wouma, ndi timatabwa tinayi tofanana.

Lachiwiri

Sipeya ya njinga sugula ndi pakamwa, umatumiza yakale kuti akaone. Ndiye ndazula kathabwa kamodzi, ndakakulunga m'nyuzipepala, ndapatsa mlamu wanga Chisi, kondakitala wa basi ya ku Chipata. "Osadandaula mulamu, masipeya ndiye nchito yanga." Titatu totsalato tigwire kaye ntchito.

Ndayatsa. Piii! Piii! Pagalasi bii. Mayo ine!

Alimi a ku Magodi abwera kudzafunsa za feteleza, ndawauza kuti kompyuta ikupuma. Mayi wina wagwira pakamwa, wafunsa m'Chitumbuka ngati ikudwala: "Kasi nayo yikulwara?"

Lachitatu

Sindikukhazikika. Kuyatsa, kuzimitsa, kupita kusiteshoni, kubwerako, kuyatsanso. Basi kulibe, akuti yatitimira m'matope. Ndasesa ofesi yosesa kale. Chinangwa chimene ndinagula m'mawa chikadali m'diloo. Ndili ndi mantha, ndisabise.

Lachinayi

Mlamu wafika mano onse pamtunda. "Nakugulilani ikulu, mulamu! Ija yanu inali ing'ono maningi."

Chachikuludi. Chachitali, chili ndi kampata pakati, ndipo sichikulowa. Ndayesa chopendeketsa, ndayesa chozondotsa, ndauzira pamalo pake. Ndafika mpaka pakhomo pa wokonza njinga kuti ndibwereke sowo ndichidule, koma ndadzigwira.

Nanga sampulo yanga? "Ninasiya kushopu. Mwaifunanso? Si munati niyakale?"

Mlongo wanga anamuonera chiyani munthu ameneyu?

Lachisanu

A Nyirenda abwera, avala magalasi, akuwerenga timano tam'munsi mwa timatabwa ndi nsonga ya pensulo. Tanga tili ndi mano 30, cha mlamu 72. "Izi mumawerenga musanatumize munthu." Bwanji osanena Lolemba? "Simunafunse." Aphunzitsi!

Ndathamangira kusiteshoni basi ikulira kale. Zimene ndauza mlamu:
- abweze chachitalicho;
- atenge sampulo yanga;
- asagule china chilichonse;
- asaganize.

Ndagwada pamatope, anthu a pawindo akuona.

Loweruka

Sampulo kulibe. Mwini shopu anagulitsa kwa munthu wa ku Katete, dzina salidziwa. Koma mlamu waganizabe, wabweretsa kena kakafupi. Ndawerenga mano ndekha, 30 ndendende. Ndakalowetsa, kwa! Kakhala ngati kanabadwira pomwepo. Ndavina ndekha muofesi, ndamukhululukira mlamu zonse, ngakhale wailesi yanga imene anabwereka osabweza ija.

Ndayatsa. Piii! Piii!

Ndakawadula a Nyirenda m'munda mwawo. Ayang'ana timalemba tapakathabwa, apukusa mutu. Kulowa kokha sikukwanira, ati. Makina amenewa amafuna tonse tinayi tikhale ta mphamvu imodzi, ndipo katsopanoka n'kosiyana. "Mwamanga nkhunzi ndi thole pagoli limodzi, achimwene. Sizilima." Akuti ndipeze tinayi tofanana, mwina ku Lusaka. Izinso sindinafunse.

Lamulungu

Ndadzera kuofesi m'mawa. Ndatseka chivundikiro, ndamanga masikuluwu, imodzi yatsala ndipo sindikudziwa kwawo. Ndaifunditsa kompyuta nsalu yake bwinobwino.

Potuluka m'tchalitchi akazi a abwana andikodola. "Monire! Abwana anu anafika dzulo, abwela na azungu aja anapeleka kompyuta. Afuna mailo muwaonetse mwamene isebenzela. Akuti imwe ndimwe kaswili." Ndayankha "Yewo, amama," ndawomba m'manja. Mailo, ndiye kuti mawa! Zaka zonsezi kudikira mawu abwino kwa abwana, mawuwo abwera lero!

Basi, palibenso chochita. Ndachapa shati yoyera, ndaisita ndi makala ambiri. Munthu akamachotsedwa ntchito azioneka bwino.