Mawondo Anga ndi Bedi Nambala Seveni

Lolemba

Tsiku loyamba pa ntchito. Yunifomu yoyera mbee, kapu ya kumutu youma ndi sitachi, wotchi pachifuwa, satifiketi mu sutikesi. Zaka zitatu ku Harare ndikuphunzira, lero ndine nesi weniweni. Andiika ku wodi ya amuna, mabedi makumi awiri. Odwala ambiri amabwera pa tirela ya thirakitala kuchokera m'mapulazi a fodya ozungulira Chinhoyi kuno.

Sisita, nesi wamkulu wa wodi yathu, andipatsa kiyi wa tirole ya mankhwala. Kiyi! Ndamumangirira pa lamba. Ndikamayenda akumalira pang'ono, ndiye lero ndayenda kwambiri.

Bedi 1 mpaka 6 bwinobwino. Piritsi, madzi, kulemba pa tchati. Pa bedi 7 ndapeza Che Saidi.

Che Saidi ndi a ku komboni kwathu. Anali dalaivala wa thirakitala pa pulazi pathu, ndipo ndi iwo ananyamula amayi kupita nawo kuchipatala tsiku limene ndinabadwa. Akuti akanapanda kuthamangitsa, ndikanabadwira mu tirela. Nkhaniyi ndaimva kambirimbiri, liwiro lake limakwera chaka ndi chaka. Tsopano agona ndi chibayo, kofiya pamutu, akupuma ngati pampu ya njinga.

Sindinaganize n'komwe. Mawondo angopita okha pansi. Piritsi ndapereka ndi manja awiri monga anandiphunzitsira amayi. Amwa. Ndadzuka. Koma pansi pano amapaka polishi wofiira m'mawa uliwonse. Pa diresi langa mawanga awiri ofiira, ozungulira bwino, ndendende pamawondo. Pakhomo aima a Metironi, mkulu wa manesi onse.

Ku ofesi. Ayamba ndi Chingerezi, kenako Chishona kuti ndimvetsetse: "Mukoti haapfugami." Nesi sagwada. Pansi pali majeremusi, yunifomu ndi ya boma, ndipo kuno si ku komboni. Akandionanso ndili pansi, kiyi abwerera kwa Sisita, ine mwezi wathunthu ku mabedipani, timapoto tija amadzithandiziramo odwala osatha kudzuka.

Zochita sabata ino:
1. Osagwada.
2. Kiyi akhalebe pa lamba.
3. Kufunsa Rudo chochotsera polishi.

Rudo ndi nesi mnzanga, tamaliza sukulu limodzi, tikugona chipinda chimodzi. Waseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Chochotsera polishi sakuchidziwa.

Lachiwiri

Yunifomu yachiwiri. Ya dzulo ili m'beseni, mawanga asanduka a pinki koma akadalipo.

Bedi 7, eyiti koloko. Ndaima chilili ngati msilikali. "Agogo, mankhwala." Akuyang'ana khoma. "Agogo, mwadzuka bwanji? Mankhwala." Khoma. Kenako auza wa pa bedi 8, bambo wa ku Wedza wothyoka mwendo: "Mwana wa a Banda ndinamuona dzulo. Lero sanabwere."

Ine ndili pomwepo! Piritsi m'manja!

Ndayesa kupinda mawondo pang'ono chabe, monga timachitira polandira mbale. Ayang'ana mawondo anga, ayang'ana pansi, ayeza mtunda wotsala. Abwerera ku khoma.

Rudo wabwera kudzandithandiza. Waima, wapereka ndi dzanja limodzi, maso pa wotchi. Che Saidi alandira! Athokozanso m'Chishona, "Maita basa, mwanangu." Ndiye Rudo akhoza kuima, ine ayi. Atachoka ndafunsa chifukwa chake. Yankho alipereka kwa khoma: "Uyo sanaleredwe kwathu. Sindingamuimbe mlandu."

Chabwino. Rudo azipereka pa bedi 7, ine mabedi ena onse. Nkhani yatha. Mawondo oyera, kiyi pa lamba.

Lachitatu

Zimene sanatiphunzitse ku Harare:
- munthu wa pa pulazi ukamufunsa pamene pakupweteka amati thupi lonse;
- ukamufunsa zaka zake amati funsani foromani;
- dokotala amabwera Lolemba ndi Lachisanu, masiku ena onse dokotala ndi Sisita;
- Sisita akati ndikubwera pompano, ndiye kuti apita ku tiyi.

Nkhani ija sinathe. Ndikadutsa ndi tirole, Che Saidi atembenukira ku khoma. Ndikabwerera, khoma. Munthu amene ankandipatsa nzimbe pobwera ku minda! Zikundipweteka, sindinama.

Masana ndapeza nzeru. Mwambo suti gwada. Umati usakhale pamwamba pa munthu wamkulu. Ndiye ngati ine sindingatsike, akwere ndi iwo. M'sitolo muli zipika zokwezera bedi. Ine ndi Rudo tanyamula zinayi, mwendo uliwonse chipika chake, thukuta kamukamu. Bedi lakwera mpaka pachifuwa panga. Ndaima pambali, mutu wanga ndi wawo pafupifupi kulingana. Ndapereka ndi manja awiri.

Ayang'ana pansi, ayang'ana denga. Auza bambo wa ku Wedza: "Andipachika ngati fodya wa m'balani. Chatsala n'kuyatsa moto." Kenako ayang'ana khoma, chapamwamba pang'ono kusiyana ndi dzulo.

Sisita abwerako ku tiyi. Ndani walamula? Zipika ndi zokwezera kumapazi kwa wodwala kokha, ndipo amalamula ndi dokotala. Nanga munthu akagwa? Tatsitsa. Andilemba m'buku la lipoti, dzina langa alilemba molakwika koma likudziwika.

Thempirecha ya Che Saidi sikutsika. Rudo akuti mankhwala ena amachedwa kugwira.

Lachinayi

Thempirecha 39. Rudo akulumbira kuti piritsi lililonse amalandira, amathokoza.

Posintha pilo, kofiya yagwa. Mapiritsi gubudugubudu pa polishi, kulowa pansi pa mabedi. Ndawatola chowerama, mawondo osapinda, msana ukulira. Asanu ndi awiri. Onse amene Rudo wapereka kuyambira Lachiwiri. Mayo ine.

Sanachite manyazi n'komwe. Auza khoma: "Ndili ndi mwana wanga m'chipatala muno. Ndimwerenji za alendo? Ndikusunga. Akabwera andipatsa."

Ndathamangira kwa Sisita. Sisita abwera ndi jakisoni. Che Saidi adzikulunga m'bulangeti ngati mtolo wa fodya wopita ku okushoni, mutu wokha kunja. Akuti chibadwire kumbuyo kwawo kunaonedwa ndi akazi awiri, amayi awo ndi malemu akazi awo, ndipo onse awiri ali kumanda. Sisita akuti munthu wamkulu sitimugwira mokakamiza, tidikire dokotala mawa.

Ndawafotokozera zonse mwaulemu. Majeremusi. A Metironi. Mabedipani. Kiyi.

"Kiyi wa chiyani?" Afunsa khoma.

Wa tirole ya mankhwala, agogo.

"Ine ndinasunga kiyi wa thirakitala zaka makumi atatu. Agogo ako ndikakumana nawo pa msewu ndinkazimitsa injini n'kutsika."

Ndakankha tirole kupita pa bedi 8. Bambo wa ku Wedza amwa awo akundiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

Sadza ya madzulo, nsima ya kuno, sinalowe. Rudo wadya yanga.

Lachisanu

Dokotala wabwera. Mphindi zitatu pa bedi 7. Wamvetsera chifuwa, wagwedeza mutu, walemba pa tchati kuti wodwala alimbikitsidwe kumwa mankhwala. Zikomo adokotala, sitinaganize zimenezo.

Nthawi yoona odwala, thirakitala ya kwathu yaima pageti. Atsika amayi ndi azimayi anayi a ku komboni, mahewu m'chigubu, mbatata zophika m'kansalu. Nkhani inafika kale. Wauza ndani? Kaya. Pa pulazi nkhani siyenda pa basi koma imafika msanga kuposa basi.

Alowa m'wodi, onse asanu gwadu pa bedi 7. Pa polishi pomwepo. Zitenje zawo sizionetsa kanthu. Ine ndekha ndaima pakati pawo ngati mzati.

Amayi atenga piritsi m'dzanja langa, apereka ndi manja awiri, atagwada bwinobwino. Mtima wanga unati basi, tapulumuka. Che Saidi ayang'ana piritsi, ayang'ana amayi. "Iwe ndiwe nesi?"

Koma abale!

Panja amayi sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Andikonzera kapu, andichotsa kaulusi paphewa. "Tinakutumiza kuti ukaphunzire jakisoni. Sitinadziwe kuti mawondo amachotsa komweko." Ndafotokoza za mwezi wa mabedipani. Amvetsera mpaka kumapeto. "Chabwino mwanangu, sunga kiyi wako. Akamwalira udzaimirirenso pamaliro." Akwera tirela. Mbatata andisiyira.

Ndapita ku ofesi kuti ndikapemphe chilolezo cha bedi limodzi lokha. Ndaloweza mawu m'Chingerezi njira yonse. A Metironi atuluka, ayamba kuyang'ana mawondo, kenako nkhope. Akuti ndikusintha, ndipitirize choncho. Ndati zikomo. Ndabwerera ku wodi, chilolezo chija osapempha.

Ndine wamantha. Ndalemba kuti ndisadzakane.

Loweruka

Eyiti koloko. Thempirecha 40. Milomo youma, kupuma kothamanga. Lero sakuyang'ana khoma. Maso atseka.

A Metironi Loweruka amayendera mawodi m'mawa, masana amapita kwawo. Ndikadikira mankhwala a thuu koloko, palibe angandione. Maola sikisi okha. Ndaima ndi wotchi m'manja kuwerenga mpweya wawo monga anatiphunzitsira. Ndawerenga kawiri. Nambala yake sindinaikonde.

Ndauza Rudo aime pakhomo, akaona a Metironi atsokomole.

Nzeru zanga! Wodi ya anthu a zifuwa. Aliyense akutsokomola, bedi 2, bedi 11, bedi 15, ngakhale wa mwendo uja. Rudo akuti anatsokomola kanayi.

Ndagwada. "Agogo, ndabwera."

Atsegula diso limodzi. Ayang'ana ine, osati khoma. "Wachedwa."

Piritsi ndi manja awiri. Ameza movutika, madzi pang'onopang'ono, dzanja lawo lotentha lagwira mkono wanga osausiya. Ndalira pang'ono, koma kapu ya madzi sinagwe. Pambali panga ndaona nsapato zakuda zopukuta bwino. Zaima. Sizikuchoka.

A Metironi adikira mpaka madzi atha m'kapu. Kenako atambasula dzanja. Ndamasula kiyi ndikadali pansi pomwepo, mfundo yavuta, ndachita kuluma ndi mano. Wodi yonse zii, osatsokomola ndi mmodzi yemwe. Tsopano!

Atenga tchati, awerenga nthawi yaitali. Afunsa Sisita za mapiritsi a mu kofiya. Alemba. Chigamulo:
1. Mabedipani mwezi wathunthu, monga ananenera. Lamulo ndi lamulo.
2. Mankhwala a bedi 7 ndizipereka ine, katatu pa tsiku. Sisita azindiikira m'manja, ndikasamba kaye.
3. Ndiziyala nyuzipepala pansi.

Thuu koloko amwa. Madzulo amwa. Akuti nyuzipepala ikuchita phokoso.

Lamlungu

Anzanga ali ku tchalitchi. Ine ndili kuchipinda chotsukira, epuloni ya pulasitiki, magolovesi aakulu kuposa manja anga, fungo la mankhwala ophera majeremusi mpaka m'tsitsi. Tirole ikudutsa pakhomo, akukankha Rudo, kiyi akulira pa lamba wake. Akuyesetsa kuyenda pang'onopang'ono kuti ndisamve. Ndikumva.

Mabedipani asanakwane teni koloko: khumi ndi limodzi. Masiku otsala: sindikuwerenga.

Thempirecha ya bedi 7 yatsika, 38. Amwa phala theka la mbale, adandaula kuti shuga wachepa. Sisita akuti munthu akayamba kudandaula za shuga ndiye kuti sakupita kulikonse.

Chakumasana bambo wa ku Wedza akuwa kuti bedi 7 akufuna bedipani. Ndapita nayo, ndakoka katani. Che Saidi ayang'ana chimene ndanyamula, ayang'ana epuloni, ayang'ana pa lamba. Afunsa kuti kiyi ali kuti. Ndawauza.

"Chifukwa cha ine?"

Ndati ayi, agogo, chifukwa cha polishi.

"Mwana wa a Banda sangandinyamulire zimenezo. Chotsa."

Ndati ndi ntchito yanga, mwezi wonse. Atsitsa mwendo umodzi, kenako wina. Munthu amene sanaponde pansi chibwerereni! Akonza kofiya. Agwira chitsulo cha bedi, bedi 6, bedi 5, kenako khoma. Ndafuna kuwagwira mkono, akana. Alola Rudo. Kuchokera pa bedi 7 kukafika ku chimbudzi ndi mapazi makumi awiri, atenga mphindi khumi, apuma katatu, wodi yonse ikuwaombera m'manja. Pakhomo la chimbudzi atembenuka, wefuwefu, auza aliyense amene ali ndi makutu: "Uyo ndi nesi wa satifiketi. Muzichita manyazi."

Sisita alemba pa tchati kuti wodwala wayamba kuyenda yekha. Sanalembe chifukwa chake.

Ena onsewo manyazi alibe. Bedi 12 akuitana.