Phale la Alamu Anga

Ena amalakwa chifukwa cha ulesi. Ine ndinalakwa chifukwa cha khama, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimangomva kutopa.

Inali nthawi ya kolona. Sitolo yomwe ndinkagwirako ntchito ku Morley, mumzinda wa Perth, itatseka, ndinakakhala kwa achimwene ku Ellenbrook. Iwo ankalawirira kuntchito ku Kwinana, ine n'kutsala ndi alamu, omwe ankachita digiri yaudokotala pa mbiri yamakedzana (ine koleji ndinaisiya chaka chachiwiri, tinasiyana mwamtendere). Ankafufuza kuti anthu akalekale a m'zigwa za udzu ku Asia anayamba liti kuweta ziweto. Akamafotokoza ndinkagwedeza mutu mwaulemu, osamva kanthu.

Tsono kwathu anatilera kuti wodya zaulere sadutsa mbale yakuda. Ndinkatsuka chilichonse chomwe sichinkathawa.

Tsiku lina kunabwera phukusi la alamu. Poti kuyunivesite kunali kotseka, analitumiza kunyumba. Analitsegulira patebulo la kukhitchini, foni n'kulira, iwo n'kulowa kuchipinda. Ine kusuzumira: phale. Phale lenileni, ngati lokazingira mtedza koma laling'ono, mkati muli nkhoko zakuda bii. Ndinadabwa kuti anthu ophunzira angatumize chinthu osatsuka.

Ndinayamba ndi madzi. Nkhoko zinakana. Ndinathira sopo, zinakanabe. Apo ndinatuluka kukatapa mchenga kuseri kwa nyumba (mchenga wokha ku Perth sitisowa) n'kukwecha monga amakwechera mapoto amayi anga. Linayera mbee. Ndinaliyanika pakati pa makapu.

Alamu atatuluka anaima nji.

"Alamu, nkhoko zija zili kuti?"

"Ndachotsa. Musathokoze."

"Zinali za mkaka zimene zija. Ndi zomwe ndimafuna kuyeza, kuti ndidziwe ngati anthuwo ankakama ziweto, ndiponso liti."

Ndinaloza musinki momwe zinathera.

Sanakalipe. Anangokhala pansi, pamatailosi pomwepo. "Mphika umenewu wakhala wosatsuka zaka zikwizikwi, palibe anadandaula. Inu mphindi khumi zokha zakukanikani?"

Achimwene atabwera n'kumva nkhani, anandifunsa ngati ndili ndi mnzanga wokhala ndi chipinda chapadera. Ndinalibe. Phale lina linatenga miyezi kuti lifike, mpaka alamu anachita kupempha nthawi yoonjezera kusukulu.

Sanandithamangitse. Koma mpaka tsiku lomwe ndinasamuka, kapu iliyonse yakuda ndinkainyamula n'kukagogoda kuchipinda: "Alamu, iyi ndi ya tiyi kapena ya sukulu?"