Tsiku Limene Ndinanenerera Tsabola

Inu, sunthani pang'ono ndikhale, ndikuuzeni za ulimi wanga.

Mayi a kunyumba anapita kukaona mng'ono wawo wobereka kumene, nandisiyira kadimba kawo ka kabichi kuseli kwa nyumba. Kabichi ameneyo amamukonda kuposa ine. Ine sanandithirirepo madzi chikwatirane. Pochoka anangoti, "Bambo, ndimupeze monga ndamusiyira."

Asanafike n'komwe kwa mng'ono wawoyo, nsabwe zinatera pa kabichi. Zotuwa, zonenepa, zitaunjikana kunsi kwa masamba ngati achibale akamva kuti walandira.

Ndinathamangira kwa aneba, ometa tsitsi, amene masamba awo amawala ngati apakidwa mafuta.

"Musavutike," anatero uku akumeta munthu. "Tsabola wodzaza dzanja limodzi, adyo pang'ono, kachidutswa ka sopo, mu ndowa yodzaza madzi. Zigonere. Muwaze madzulo, dzuwa litapepa."

Tsono ine, anthuni, ndakalambira pamsika. Chimene munthu wayamba kutchula sichikhala chenicheni. Wogulitsa amakweza, wogula amatsitsa, mnansi amabisa kuti kabichi wako asapose wake.

"Dzanja limodzi? Onjezaniko, achimwene."

"Si malonda awa."

"Chabwino, tikumane pakati. Manja atatu."

"Mupsereza mbewu inu!"

Onse amakuwa choncho ukawayandikira pa mtengo weniweni. Ndinatuluka ndikumwetulira.

Kunyumba ndinasinja tsabola lichero lonse, sopo mtanda wathunthu, n'kuthira phulusa la basela. Madzi ndinachepetsa, pakuti madzi ndiwo amabera anthu pa malonda. Zogonera ndinazikana, kodi nsabwezo zimagona? Ndinatenga tsache dzuwa lili paliwombo, kuti zione bwino amene akuzipha.

Akuluakulu anati mphepo ilibe m'bale, ndipo ngati sanatero anaiwala. Nditangowaza kamodzi, zonse zinabwerera kumaso kwanga. Mayo ine! Ndinayetsemula mpaka chipewa chinakagwera kuseli kwa mpanda. Galu wa aneba anathawa osatsanzika. Munthu ankametedwa uja anatuluka mutu uli theka, akutsokomola, akufunsa ngati apolisi afika. Ine ndinapukuta maso ndi dzanja lomwe ndinasinjira lija. Zimene zinachitika nditapita kukataya madzi, ndikuuzani ana akachoka.

Koma ndinamaliza! Ndikulira, ndikuvina, ndowa yonse ndinaikhuthulira pa kabichi, chifukwa katundu wolipira satayidwa.

Kutacha, masamba onse anali atapsa ngati fodya wowuma. Mayi anafika chikwama chili kumutu, n'kuima pakati pa dimba.

"Bambo, kabichi wanga ali kuti?"

"Mayi, tiyambe ndi nkhani yabwino. Nsabwe mulibe."

"Zafa?"

"Zasamuka. Njala."

Apo aneba anakuwa kuseli kwa mpanda kuti ndibwere ndidzatenge ziweto zanga.

Mayi sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatula chikwama, nandigwira dzanja ngati mwana wa sukulu, mpaka kumsika, pa benchi la mayi wa masamba amene ndakhala ndikumuliza ndi kunenerera zaka zonsezi.

"Kabichi bwanji?" anafunsa mayi a kunyumba.

Mayi uja anandiyang'ana, namwetulira, n'kutchula mtengo umene amatchulira alendo ovala tayi. Ndinatsegula pakamwa.

"Tsekani," anatero akazi anga. "Lipirani. Ndipo muthokoze."

Ndinalipira, inu, msika wonse ukuonerera. Ndinathokozanso. Tsabola amawawa n'kusiya, koma ichi ndidzapita nacho kumanda.