A Chotsala ndi nambala yofunsira mkazi

720,720. Nambala imeneyi ndi imene ndinapita nayo kokafunsira mkazi kwa a Chotsala, okonza mawotchi aja, amene benchi yawo inkayang'anizana ndi shopu yanga ya mababu ndi mabatire.

Kwa iwo nambala iliyonse inali ndi khalidwe ngati munthu. Yogawika pawiri ankati ndi yapabanja, yotsalira imodzi ndi mbeta. Yokana kugawika, monga 97, ankaitcha yaumbombo, ndipo minibasi ya nambala yotere sankakwera ngakhale mvula ikhuthuke.

"Malo alipo, bambo!" ankakuwa kondakitala.

"Pita, mwanawe. Galimoto yakoyo sidziwa kugawana."

Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, namwino, ndipo mnyamata aliyense womufuna ankamuuza kuti abwere ndi nambala yaikulu. Wogulitsa matayala anabwera ndi miliyoni, chifuwa patsogolo.

"Mimba yokhayokha!" anatero a Chotsala. "Ukaing'amba upezamo 2 ndi 5 basi. Abale awiri okha? Pamaliro pake adzalira ndani?"

Ine ndinakonzekera ngati mayeso. Ndinavala malaya ositidwa, n'kuwoloka msewu.

"Bambo, iyi igawireni anthu awiri, atatu, anayi, mpaka 16. Palibe chotsala, palibe wodandaula."

Anachotsa m'diso kagalasi kawo koonera mawotchi n'kuyamba kuyesa ndi choko pabenchi pomwepo: 7, 11, 13. Zonse zinalowa bwinobwino. Mtima wanga unali utayamba kale kuvina paukwati.

"Nanga atabwera mlendo, n'kukwana 17?"

Ndinawerengera m'mutu, thukuta lili kamukamu. "Zitsala zisanu, bambo."

"Zisanu! Ukufuna ndewu m'nyumba mwa mwana wanga? Kakonze."

Kukonza kwake sikunali kovuta. Ndinachulukitsa ndi 17 ndili m'basi yopita kokapikula katundu, ndipo ndinapeza 12,252,240. Ulendo wonse ndinkangoibwereza ngati pemphero. Koma pobwerera ndinapeza benchi ataigadabuza, anthu atadzaza pakhomo pawo. A Chotsala anali atatisiya; chifuwa chinawatenga msanga.

Msewu wathu wazizira tsopano. Wamatayala amatchula miliyoni popanda womudzudzula, ndipo iye mwini akuti sizikukoma. Madalaivala a minibasi amachepetsabe liwiro pamalo paja, kenako n'kukumbukira.

Dzulo namwino uja anabwera kudzagula babu. Ndikumukulungira, ndinalimba mtima n'kumutchulira nambala yatsopanoyo, pang'onopang'ono. Anatsinzina diso limodzi ngati wavala kagalasi, n'kukulitsa mawu.

"Nanga 19?"

Tinaseka mpaka iye anapukuta misozi ndi khosi la yunifolomu, ndipo si yonse inali ya kuseka.

"Unkaganiza kuti ilipo nambala imene akanavomera?" anatero. "Bambo ankangoopa kutsala okha. Koma iwe yekha ndi amene anakuuza kuti ukakonze. Enawo ankangowapirikitsa. Mayi akuti iwo masamu sadziwa, ungobwera ndi amalume ako."

Loweruka nditseka shopu masana, ndikawatenge amalume.