Mabuku a Malume Akana Kulowa mu Laputopu

Lolemba
Chiswe chayamba kudya mabuku a malemu malume! Mabuku asanu, a zaka zonse zimene anali sikauti wa nyama: njovu zaolokera pati, mkango wagona kuti, mvula yayamba liti. Pulani yanga:
kujambula tsamba lililonse,
kulowetsa zithunzi mu pulogalamu yosungira manotsi pa laputopu,
kupuma.
Pofika Lachitatu ndatha. Ku kampu ya alendo oona nyama andibwereka kamera yaikulu ija yojambulira mbalame kutsidya la Luangwa. Malume sangajambulidwe ndi foni.

Lachiwiri
Kamera iyi siona zapafupi. Buku ndalitsamiritsa pa njinga, ine ndaima ku khola la mbuzi, mayi a kunyumba akutembenuza masamba uku akung'ung'udza. Koma zithunzi zake, abale! Ulusi wa pepala ukuoneka. Mwendo wa nyerere ukuoneka. Chidindo cha chala cha malume cha mafuta a mfuti chili pomwepo pakona.

Lachitatu
Ndasankha zithunzi zonse, ndadina. Kafani kamkati mwa laputopu kayamba kulira ngati ndege ikunyamuka ku Mfuwe. Nambala ya memore ikukwera, ikukwera, osayang'ana m'mbuyo. Kamuvi kauma pakati pa sikirini. Kapulogalamu kolembamo zogula kumsika, kudya chonchi? Mvuu ndimaiona ikudya tsiku ndi tsiku, koma imasiyako udzu.

Lachinayi
Kuyesanso. Laputopu yatentha, ndaikhazika pa mtsuko wamadzi, ndikuikupiza ndi lichero. Batire la sola lathera pomwepo. Masamba olowa: atatu. Mayi a kunyumba akuti, "Chiswe sichifuna memore." Mantha andigwira, buku lachitatu latha ngodya yonse.

Lachisanu
Njinga mpaka ku sukulu, kwa aMulenga, aphunzitsi a makompyuta ochokera ku migodi ya ku Kopala. Ayang'ana, avula magalasi.
"Mwaswera bwanji, baba? Chithunzi chimodzi ichi mungakute nacho nyumba. Manje inu muli na memore ya fo gigi chabe."
Akuti pulogalamuyi imatsegula zonse nthawi imodzi, ndiye n'kumayesa kuwerenga zolembazo. Kuwerenga dzanja la malume! Limene ngakhale azakhali ankapita nalo kwa akatekisiti kuti awawerengere! Ndaipatsa ulemu laputopu, ikufa ikumenya nkhondo. Malangizo awo: chepetsani zithunzi.

Loweruka
Ndachepetsa ndi mtima wonse. Zazikulu zija ndafufuta kuti malo apezeke. Kudina kamodzi, zonse zalowa, fani osatsokomola n'komwe! Zodabwitsa! Kutsegula tsamba loyamba: mapazi a nkhanga pamchenga. Palibe liwu lowerengeka. Kamera ndinabweza dzulo, alendo afika, ili m'tchire mpaka mwezi wamawa.

Lamulungu
Kuchokera ku tchalitchi. Buku latsopano, bolopeni, mpando pansi pa mtengo wa mango. Ndikukopera pamanja, tsiku limodzi tsamba limodzi kapena awiri, chiswe chidye kumbuyo ine ndithamange kutsogolo. Manyazi andigwira: zaka zonsezi ndawasunga mabukuwa, lero ndi poyamba kuwawerenga. Dzanja lawo limawerengeka ukaleza mtima. Tsamba lachiwiri akuti: "Njovu zisanu ndi imodzi pa dambo. Mlongo wanga wachira, mwana wamwamuna, mutu waukulu. Ameneyu adzavutika ndi zipewa."

Ndapapasa mutu wangawu, ndakopera momwemo, sindinasinthe kanthu.