Makaderno a Tiyu Vicente

Aliyense amene anakhalako kudera la Josina Machel m'zaka zija malasha a ku Moatize atatizunguza mitu akuwakumbukira a Tiyu Vicente, amalume a tonsefe, munthu yekhayo mu Tete monse amene ankakopera telefoni ndi cholembera. Ukawapatsa telefoni kuti asamutsire zinthu zako mu komputadori, kabu, nthambo yolumikizira ija, sankamugwira n'komwe. Ankatsegula kaderno, buku lawo lolembamo, kunyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba kulemba: manambala onse, mauthenga onse, ngakhale aja a "uli kuti?" Zithunzi ankazifotokoza m'mawu: "Mayi wonenepa, wavala kapulana wobiriwira, sakumwetulira." Kabu ankamulumikiza tsiku lachitatu, ngati mwini telefoni sanakomoke ndi mkwiyo.

Ine Ermelinda ndinkagulitsa maheu pafupi ndi kabaraka kawo. Zonse ndinkaziona, ndipo wowaseka kwambiri ndinali ine. Lero ndimachita nazo manyazi.

Khalidweli linali ndi poyambira pake. Atangogula komputadori yawo yakale ija, anabwera motorista wina, woyendetsa galimoto, ndi telefoni yodzaza. Komputadori inafunsa funso, a Tiyu anadina "Sim", kutanthauza "Inde", ndipo manambala mazana anayi anasowa pomwepo. Motorista uja anawathamangitsa mpaka kumlatho wa Zambezi, dzuwa lili paliwombo.

"Chinthu ichi n'chansanje, Mana," ankandiuza choncho akuloza komputadori (ankanditchula Mana, ndiye kuti mlongo). "Chikaona kuti chilibe kanthu, chimafuna telefoni nayo ikhale yopanda kanthu, zifanane. Ndiye kusinkronizara kumeneko. Iwe yamba wakopera, zofananitsazo pambuyo. Ndipo chikakufunsa funso, usayankhe tsiku lomwelo."

Vuto linali lakuti polemba ankawerenga mokweza. Teresinha, mtsikana wa ku salau ya tsitsi, anaphunzira zimenezi mochedwa, anthu atadzaza pa maheu anga.

"'Ndakusowa, mtima wanga.' Ameneyu ndi Nilton," anatero a Tiyu akulemba. "'Ndakusowa, mtima wanga.' Aa, uyu ndi Yuran. Mwana iwe, ndilembe kawiri kapena ndingoika chizindikiro?"

"Tiyu, chonde, tsitsani mawu!"

"Ndikatsitsa ndilakwitsa. Nanga Leonildo uyu ndi wa ku Chingodzi?"

Ndinaseka mpaka misozi. Patangotha miyezi iwiri, mu 2012, kamiyau, lole imene ankayendetsa mwamuna wanga Joaquim, inagubuduka pamsewu wa ku Moatize. Iye sanapulumuke. Anthu anandibweretsera nsapato zake ndi telefoni yake, galasi litang'aluka, bateriya itatupa ndi kutentha. Mkatimo munali kanthu kamodzi kamene ndinkakafuna: tsiku lina, atatopa pamzere wa makamiyau, anadzijambula mawu poyesa telefoniyo. Ankati, "Ermelinda, ndili pamlatho, mzere wafika kutali. Ika madzi pamoto, fumbi landimaliza." Kenako kutsokomola, kenako kaphwete kake kaja. Basi. Liwu la Joaquim linatsala m'menemo mokha.

Ndinapita nayo kwa munthu yemwe ndinkamuseka uja. Anamvetsera kamodzi, n'kulemba, kenako anayang'ana kadernoyo nthawi yaitali.

"Mawu ndalemba, Mana, koma liwu silikulembeka."

"Ndiye lumikizani kabu, Tiyu."

"Ndisanakopere? Ine? Ayi. Ndilikopera m'mutu muno."

Ndipo sankanena zocheza. Masiku asanu ndi anayi athunthu anakhala akuloweza, telefoni ili kukhutu, kuyesa, kubwereza, kukonza katsokomoledwe. Odutsa ankangomva bambo waimvi akufuula m'kabaraka, "Ermelinda, ika madzi pamoto!" Nkhani inafika kwa akazi awo, a Tomásia, amene anatulukira ndi patapata m'manja.

"Madzi akuikire pamoto ndani, nkhalamba yopanda manyazi iwe? Kwanu nkhuni zatha?"

"Ndi ntchito, mkazi wanga! Ndine Joaquim!"

"Joaquim tinamuika m'manda! Ukufuna umutsatire?"

A Tiyu anawayatsira telefoni ija. A Tomásia anamvetsera, anavala patapata wawo, n'kukhala pansi pafupi nane.

Tsiku la khumi, m'mawa kusanatenthe, analumikiza kabu. Telefoni anaikhazika pa botolo la maheu ozizira, ngati mwana wodwala malungo. Komputadori inafunsa funso lake, iwo anakana, n'kuyamba kukopera chimodzichimodzi. Manambala anawoloka. Zithunzi zinawoloka. Itafika nthawi ya liwu, magetsi anathima. Telefoni inazima nawo limodzi, ndipo sinadzukenso, ngakhale anaiyesa mabateriya a msika wonse.

Ndinawatukwana, sindibisa. "Masiku asanu ndi anayi, Tiyu! Mukanalumikiza tsiku loyamba lija, bwenzi mwamuna wanga alipo!" Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndinkanena zoona.  Iwo anangotseka kaderno.

Mawa lake madzulo, ndikulongedza mabotolo, ndinamva kumbuyo kwanga: "Ermelinda, ndili pamlatho, mzere wafika kutali." Ndowa inandipulumuka. Linali liwu lake lenileni, ndi kutsokomola komwe, ndi kaphwete komwe. A Tiyu anamaliza, anakhoma kabaraka, n'kumapita osacheuka.

Anachita zimenezo madzulo alionse kwa zaka zinayi. Nditagula telefoni yatsopano ndinawapempha kuti ndiwajambule.

"Limenelo ndi funso, Mana," anatero. "Ndiyankha mawa."

Mawa lake anati kukhosi sikuli bwino, angamunamizire malemu. Ndipo kunalidi kosakhala bwino. Makamiyau ankadutsa tsiku lonse, fumbi lakuda likutera pa makaderno, pa maheu, m'zifuwa mwathu. Kutsokomola kuja kunayamba ngati kwa Joaquim, koma kenako kunasiya kulekezera pamene Joaquim ankalekezera. Kaphwete kanasowa malo. Ine ndinkadikira kuti achire kaye, wopusa ine. Anamwalira mwezi wa Outubro, kukutentha koopsa.

Maliro atatha, anthu anakhamukira kwa a Tomásia kudzafuna zawo m'makaderno a malemu, omwe analipo makumi anayi. Ambiri matelefoni awo anafa kalekale, ndipo manambala a abale awo anawapeza momwemo. Woyamba kufika anali Teresinha, tsopano mkazi wapabanja. Anathothola masamba ake n'kuwatentha pabwalo pomwepo, akulira.

M'kabaraka muja lero muli anthu ena. Amalumikiza kabu usanamalize n'kupereka moni komwe, ndipo palibe amene amawerenga chinsinsi cha mnzake mokweza. Pamalopo pali zii. Madzulo ndimalongedza mabotolo msanga, chifukwa ndikachedwa ndimapezeka ndikutchera khutu.

Tsamba langa a Tomásia anabwera nalo okha. Pali mawu a Joaquim m'zilembo zopendekera za a Tiyu, ndipo m'munsi analembamo kuti, "Apa atsokomola. Apa aseka." Ndikafika kunyumba ndimaika madzi pamoto, n'kuliwerenga mokweza ndi liwu langali. Potsokomola ndimatsokomola bwinobwino. Poseka paja ndi pamene pamandikanika.